Foni Ikalowa M'thumba: Zoyenera ndi Zosayenera Polemba Mapulogalamu a Android ku Nyanga

Wolemba pulogalamu ya pafoni amakhala pampando, laputopu ili pachaja, intaneti ikuyenda, ndipo poiyesa amadina mabatani mwadongosolo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Amene adzaigwiritse ntchito kuno ku Nyanga, ku Cape Town, sakhala ndi mtendere wotero. Amaitsegula ali pamzere wa matakisi, walemba mawu awiri, galimoto yafika, foni yalowa m'thumba. Pamisewu ya kuno munthu saonetsa foni nthawi yaitali, ndipo palibe amene amachita kuuzidwa chifukwa chake. Podzaitulutsanso ali ku Philippi kapena ku Bellville, papita theka la ola, wayankha foni ya kumudzi, wamvera uthenga wa mawu pa WhatsApp, batire latsika. Kodi zimene analemba zija azipeza?

Achinyamata ambiri a kwathu amene akuphunzira Kotlin usiku akaweruka kuganyu amathamangira kukongoletsa sikirini. Mutu wa moyo wa Activity ndi Fragment amaudumpha, chifukwa umaoneka ngati wa mayeso chabe. Chonsecho yankho la funso lija lili m'mutu umenewo. Activity ndi khomo limene Android imalowera mu pulogalamu yanu, ndipo kawirikawiri imakhala sikirini yathunthu. Fragment ndi kachigawo kokhala m'kati mwa Activity. Inabwera mu 2011 ndi Android 3.0 Honeycomb, pamene matabuleti anafuna kuti mbali ziwiri zizioneka nthawi imodzi. Activity simuilenga ndinu, ndipo tsiku la imfa yake simuika ndinu. Android imangokudziwitsani poitana onCreate, onStart, onResume, onPause, onStop ndi onDestroy.

Kuti tisalankhule za m'malere, tiyerekeze kuti mukulembera pulogalamu gulu la chipereganyu la Amalawi a kuno. Msungichuma ndi mayi wogwira ntchito za m'nyumba, foni yake ili ndi RAM ya 2GB. Mwezi ukatha amalemba dzina la membala ndi ndalama zimene wasonkha, amajambula risiti, kenako amatsimikiza ndi nambala yobwera pa SMS.

Choyenera: Kuona ndi maso anu mmene Android imaitanira njira zimenezi.

Ikani Log.d mu iliyonse, tsegulani Logcat, ndipo muizunze foniyo. Itembenuzeni, dinani Home, zimitsani sikirini, pemphani mnzanu akuimbireni. Mudzaona kuti zimayenda ziwiriziwiri: onCreate ndi onDestroy n'za kubadwa ndi kufa, onStart ndi onStop n'za kuoneka ndi kubisika, onResume ndi onPause n'za kukhala patsogolo ndi kupatuka. Chimene mwatsegula mu imodzi, chitsekeni mu inzake ya mbali inayo.

Chosayenera: Kuloweza chojambula cha mabokosi ndi mivi chija n'kumati mwadziwa.

Chojambulacho sichikuuzani kuti munthu akakokera pansi mndandanda wa zidziwitso, onPause siitanidwa. Sichikuuzani kuti AlertDialog yanu yomwe siimitsa Activity, pamene kabokosi kopempha chilolezo cha kamera kamaiimitsa. Komanso sichionetsa mmene sikirini ziwiri zimasinthanirana. Yoyamba imalandira onPause, yachiwiri imabadwa n'kufika mpaka onResume, ndipo apo m'pamene yoyamba ija imalandira onStop. Ndiye ngati mwasunga dzina la membala mu onStop ya sikirini yoyamba, n'kumayembekezera kuti yachiwiri ilipeza mu onCreate, ipeza palibe.

Choyenera: Kuyatsa zodya batire mu onStart ndi kuzizimitsa mu onStop.

GPS, zomvera kusintha kwa netiweki, kanema, zonsezi zizigwira ntchito pokhapokha munthu akuona sikirini. Foni ikalowa m'thumba, GPS yosazimitsidwa imapitiriza kudya batire limene mwini wake amafuna kuti limufikitse madzulo.

Chosayenera: Kutenga onPause ngati chizindikiro chakuti munthu wachoka, kapena kuisenzetsa ntchito yolemera.

Kuyambira Android 7.0 mu 2016, mapulogalamu awiri amatha kugawana sikirini, ndipo yanu ingakhale pa onPause munthu akuiyang'anabe, mwina akukopera manambala kuchokera pa WhatsApp. Android 10 inalola kuti onse awiri akhale pa onResume nthawi imodzi, koma mafoni akale akadalipo ambiri m'manja mwa anthu. Chachiwiri n'chakuti sikirini yotsatira siyamba mpaka onPause yanu itatha. Mukalembera fayilo yaikulu pamenepo, foni imaoneka ngati yauma, ndipo munthu akadina n'kudutsa masekondi 5 osayankhidwa, Android imatulutsa uthenga wa ANR womufunsa ngati akufuna kuitseka pulogalamuyo. Ambiri amaitseka.

Choyenera: Kulemba modziwa kuti pulogalamu yanu ingaphedwe nthawi iliyonse ikangobisika.

Apa m'pamene pagona nkhani yonse, choncho ndikhalapo pang'ono. Pulogalamu iliyonse imakhala mu process yakeyake mu RAM. Malo akachepa, Android ili ndi wantchito wake wotchedwa lmkd amene amasankha woti achotsedwe. Amayamba ndi mapulogalamu obisika amene sakugwira ntchito ina iliyonse, ndipo amene ali patsogolo amakhala omaliza kukhudzidwa. Pa foni ya RAM yambiri, pulogalamu yobisika ingakhale tsiku lathunthu osakhudzidwa. Pa foni ya msungichuma wathu, kapena pa mafoni a Android Go amene Google inayambitsa mu 2017 poganizira mafoni a RAM yochepa, kungotsegula kamera kapena Chrome n'kokwanira kuti yanu ichotsedwe.

Taonani mmene zimachitikira. Mayi aja adzaza fomu, adina batani, pulogalamu yawauza kuti alembe nambala imene yatumizidwa pa SMS. Apita ku mauthenga kukaiwerenga. Ali komweko mwana wawo watumiza chithunzi kuchokera ku Mangochi, achitsegula. Pobwerera, Android yapha kale process yanu. Koma siiwala kumene munthu anali: imadzutsa process yatsopano, n'kulenganso Activity yokhayo imene inali pamwamba, n'kuipatsa Bundle imene inasungidwa. Sikirini yolowera, imene munaikamo dzina la membala mu object ya Kotlin kapena mu static, siidutsidwanso. Zonse zimene zinali mmenemo zapita. Zotsatira zake n'ziwiri: mwina pulogalamu igwa ndi NullPointerException, kapena lateinit idandaula kuti sinapatsidwe kanthu, apo ayi fomu ioneka yopanda kalikonse. Mayi aja ayambiranso, SMS ina ibwera, apitanso kukaiwerenga, zichitikanso chimodzimodzi. Ulendo wachitatu abwerera ku kope ndi bolopeni, ndipo sangalakwe.

Sikirini iliyonse iziyima payokha. Ikabadwa izidzifunsa kuti zimene ndikufuna ndizitenga kuti, ndipo yankho likhale Intent, Bundle kapena database. Pa nkhani ya nambala ya SMS yokhayi, SMS Retriever API ya Google Play services imalola pulogalamu kulandira uthenga wake womwe popanda munthu kutuluka, komanso popanda kupempha chilolezo chowerenga mauthenga ake onse.

Chosayenera: Kusunga zinthu zofunika mu onDestroy.

Process ikamaphedwa, onDestroy siitanidwa. Palibe kutsanzika. Kuyambira Honeycomb, chimene mungadalire n'chakuti onStop idzaitanidwa kaye, ndipo ikangotha pulogalamu yanu ili m'manja mwa lmkd. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Chimene chili mu RAM mokha chikadali pachala.

Choyenera: Kudziwa malo atatu osungiramo zinthu, ndi chimene chimayenera malo alionse.

Oyamba ndi ViewModel, imene inabwera mu 2017 pamodzi ndi LiveData. Imapulumuka Activity ikalengedwanso chifukwa chotembenuza foni, choncho mndandanda wa mamembala umene mwautsitsa pa intaneti uzikhala mmenemo kuti musautsitse kawiri. Bandulo ya intaneti ndi ndalama. Ngakhale mitengo inatsika pambuyo pa lipoti la Competition Commission la mu Disembala 2019, munthu wogula bandulo ya tsiku limodzi amawerengera megabaiti iliyonse. Koma ViewModel imafera limodzi ndi process.

Achiwiri ndi Bundle ya onSaveInstanceState, imene masiku ano ambiri amaifikira kudzera mu SavedStateHandle m'kati mwa ViewModel. Iyi imapulumuka ngakhale process itaphedwa, chifukwa Android imaisunga kunja kwa pulogalamu yanu. Muziikamo tinthu tating'ono tothandiza kumanganso sikirini: nambala ya membala amene wasankhidwa, sitepe imene fomu yafika, mawu amene akufufuzidwa. EditText iliyonse imene mwaipatsa id imasunga yokha zolembedwamo, ndiye musaiwale kupereka id. Komabe munthu akaichotsa yekha pulogalamu pamndandanda wa zotsegulidwa posachedwa, kapena foni ikathima, Bundle imapita.

Achitatu ndi Room kapena DataStore, zimene zimalemba m'foni mwenimweni. Ndalama zimene membala wasonkha malo ake ndi amenewa, ndipo zilembedwe pomwe munthu wazilowetsa, osadikira kuti achoke pasikirini.

Chosayenera: Kupanikiza chithunzi cha risiti kapena mndandanda wonse mu Bundle, kapena kusunga Activity mu ViewModel.

Bundle imadutsa pa Binder, imene ili ndi malo a 1MB okha ogawana process yonse. Mukapitirira, pulogalamu imagwa ndi TransactionTooLargeException, ndipo imagwa munthu akungotuluka, pamalo ovuta kuwatsata. Malangizo a Android amati zosungidwazi zisapitirire 50KB. Sungani adiresi ya chithunzi, chithunzicho chikhale mu fayilo. Ponena za ViewModel, imakhala nthawi yaitali kuposa Activity, ndiye mukaipatsa Activity, View kapena Context ya sikirini, sikirini yakufa ija singachotsedwe mu RAM. Pa foni ya 2GB, kutayikira kotereku kumafulumizitsa imfa ya pulogalamu yanu yomwe.

Choyenera: Kulola Activity kulengedwanso zinthu zikasintha, ndi kuonetsetsa kuti ikubwerera monga inalili.

Ambiri amadziwa za kutembenuza foni kokha. Koma Android imaphanso Activity n'kuilenganso munthu akasintha chilankhulo cha foni, akakulitsa zilembo chifukwa maso ayamba kufooka, akagawa sikirini, kapena foni ikalowa mu maonekedwe akuda amene anabwera ndi Android 10. Lomalizali limatikhudza kwambiri kuno. Pa mafoni ena, njira yopulumutsa batire ikayaka imabweretsanso maonekedwe akuda. Mu 2023, chaka chimene Eskom inathimitsa magetsi masiku ambiri kuposa chaka china chilichonse, foni ya batire lofiira inali chinthu cha tsiku ndi tsiku ku Nyanga, Gugulethu ndi Crossroads. Kuthimathima kuja kunachepa mu 2024, koma wokhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni ake amadziwa kuti mayunitsi amatha mwezi usanathe. Munthu ali pakati podzaza fomu, batire lafika pamlingo wake, sikirini yada yokha, Activity yabadwanso. Sanakhudze kalikonse.

Chosayenera: Kukhoma sikirini kuti isatembenuke n'kumaganiza kuti vuto latha.

Mwatseka khomo limodzi, ena onse ali pululu. N'chimodzimodzinso kulemba mndandanda wautali wa configChanges mu manifest pongofuna kuthawa kulengedwanso. Pali malo ake oyenera, monga sikirini ya kanema kapena ya mapu, koma mukatero mwalonjeza kuti zosintha zonse muzizisamalira nokha, ndipo imfa ya process siithawika ndi njira imeneyi. Ngakhale kukhomako kukutha mphamvu: pa Android 16, mapulogalamu olunjika pa API 36 salolekanso kukakamiza mbali imodzi pa masikirini akuluakulu monga a matabuleti.

Choyenera: Kupatsa malipiro alionse nambala yawoyawo, ndi kupereka ntchito yotumiza kwa WorkManager.

Fomu ikatsegulidwa, pangani UUID, muisunge mu SavedStateHandle kapena mu Room, ndipo izipita limodzi ndi pempho lililonse. Seva ikaona nambala imodzimodziyo kachiwiri, iziyankha kuti zalandiridwa kale, isalembenso. Kutumizako kuchitike kudzera mu enqueueUniqueWork, ndi lamulo lakuti kudikire netiweki. WorkManager imasunga ntchito mu database yake, motero ngakhale pulogalamu itaphedwa kapena foni itathima n'kuyakanso, zosonkha za membala zidzafika netiweki ikabwera.

Chosayenera: Kutumiza ndalama, kapena chilichonse chosabwezeka, mu onCreate, onStart kapena onResume.

Njira zimenezi zimaitanidwa kambirimbiri. Mukaika pempho lotumiza mu onCreate ya sikirini yotsimikizira, foni ikangopendekeka m'takisi pempho lapitanso. Ngakhale kuliika mu lifecycleScope sikukutetezani: Activity ikafa, coroutine imaimitsidwa m'foni, koma seva ingakhale italandira kale. Pulogalamu iganiza kuti zalephera, munthu adinanso, ndipo m'buku la gulu muoneka kuti wasonkha kawiri, kapena kuti R500 yachoka kawiri. M'gulu la chipereganyu, nambala yolakwika imodzi imadanitsa anthu amene anachokera mudzi umodzi n'kudzapempherera tchalitchi chimodzi kuno kutali. Cholakwa chili mu khodi, koma amene amatchedwa wakuba ndi msungichuma.

Choyenera: Kukumbukira kuti Fragment ili ndi miyoyo iwiri, wake ndi wa View yake.

Fragment imayamba ndi onAttach ndi onCreate, kenako onCreateView ndi onViewCreated, n'kudutsa onStart ndi onResume monga Activity. Pobwerera, ikatha onStop pamabwera onDestroyView, kenako onDestroy ndi onDetach. Chinsinsi chili pakati pa onCreateView ndi onDestroyView. Mukachoka pa Fragment ya mndandanda wa mamembala kupita pa ya membala mmodzi, yoyamba ija n'kuikidwa pa back stack, View yake imaphwasulidwa koma Fragment yeniyeniyo imakhalabe ndi moyo. Munthu akadina Back, imamanga View yatsopano. Zimenezi zingachitike kakhumi pa moyo umodzi wa Fragment.

Motero chilichonse chokhudza zooneka chimangiriridwe ku viewLifecycleOwner. Konzani mabatani ndi mindandanda mu onViewCreated. Ngati mwasunga binding, muiike null mu onDestroyView, ndipo adapter ya RecyclerView muichotsenso pomwepo.

Chosayenera: Kupereka this poyang'anira LiveData m'kati mwa onViewCreated.

Mukatero, woyang'anirayo amamangiriridwa ku moyo wautali wa Fragment. View ikaphwasulidwa iye amatsala, View yatsopano ikabwera mumawonjezera wina. Munthu akapita n'kubwerera katatu, uthenga wakuti zatumizidwa umatuluka kanayi. Vuto limeneli silioneka poyesa mwachangu, chifukwa woyesa sabwerera m'mbuyo kawirikawiri, pamene msungichuma amene akulemba mamembala mmodzimmodzi amangokhalira kupita ndi kubwerera.

Choyenera: Kupatsira Fragment zofunika zake kudzera mu arguments, ndi kuiwonjezera pokhapokha savedInstanceState ikakhala null.

Chosayenera: Kuilembera constructor yofuna zinthu, kapena kuiwonjezera mu onCreate mosafunsa.

Ziwirizi gwero lake n'limodzi. Activity ikalengedwanso, FragmentManager imadzutsa yokha ma Fragment onse amene analipo, pogwiritsa ntchito constructor yopanda kanthu. Ikapanda kuipeza, pulogalamu imagwa, pokhapokha mutakonza FragmentFactory yanu. Ndipo mukawonjezera ina pamwamba pa imene yadzutsidwa kale, zilembo zimasanjikizana, sikirini n'kuoneka ngati yosindikizidwa kawiri. Pofuna kuti ma Fragment awiri alankhulane, gwiritsani ntchito ViewModel yogawana kapena setFragmentResult. Maphunziro akale a pa YouTube akadaphunzitsabe setRetainInstance, onActivityCreated ndi setTargetFragment, koma zonsezi zinasiyidwa mu Fragment 1.3.0 ya mu 2021, ndipo android.app.Fragment yoyambirira ija inasiyidwa kale mu 2018 ndi Android 9. Musanathere bandulo pa kanema wa ola lathunthu, yang'anani chaka chimene anajambulidwa.

Choyenera: Kulandira mayankho a pa intaneti pokhapokha sikirini ikuoneka.

Netiweki ya m'takisi yodutsa pa N2 imabwera n'kupita, ndipo yankho limene munaliyembekezera m'sekondi imodzi lingafike patapita masekondi 20, munthu atachoka kale. Yankholo lifikire mu ViewModel, likhale mu StateFlow, ndipo Fragment izilitenga m'kati mwa repeatOnLifecycle pa mlingo wa STARTED. Njira imeneyi imasiya kumvetsera pa onStop n'kuyambiranso pa onStart, pamene launchWhenStarted yakale ija inkangoimitsa wolandira koma wotumiza n'kumagwirabe ntchito kumbuyo.

Chosayenera: Kusintha Fragment kapena kuitana requireContext mwachindunji kuchokera mu callback ya netiweki.

Mukachita commit Android itasunga kale Bundle, mudzakumana ndi IllegalStateException yonena kuti zimenezo sizitheka pambuyo pa onSaveInstanceState. Mukafufuza pa intaneti, yankho lofulumira limene mudzapeze ndi commitAllowingStateLoss. Dzina lake lomwe likukuuzani mtengo wake: kugwa kwatha, koma process ikaphedwa, munthu abwerera pasikirini yakale ngati kuti sanatumize kanthu. Pa kabokosi kongodziwitsa zilibe vuto. Pa sikirini yonena kuti ndalama zalandiridwa, ine sindingavomere.

Choyenera: Kulembetsa registerForActivityResult koyambirira, nthawi zonse, ndi kusunga adiresi ya chithunzi musanatsegule kamera.

Mapulogalamu ambiri okhudza ndalama ku South Africa amafika pofuna chithunzi. Lamulo la FICA limafuna kuti makampani a zachuma adziwe kasitomala wawo, n'chifukwa chake aliyense amene analembetsapo ku Mukuru kapena ku Mama Money kuti azitumiza ndalama kumudzi anaonetsa pasipoti kapena chiphaso china. Kamera imadya RAM yambiri, ndipo pa mafoni ang'onoang'ono nthawi imene munthu akujambula ndiyo nthawi imene pulogalamu yanu ili pangozi kwambiri. Android idzakubweretserani yankho la kamera ngakhale process itabadwanso, bola wolandirayo alembetsedwe Activity isanafike pa STARTED, kapena mu Fragment pasanapitirire onCreate, komanso mu ndondomeko imodzimodzi ulendo uliwonse.

Chosayenera: Kulembetsa wolandirayo m'kati mwa batani, kapena kusunga Uri ya chithunzi mu variable wamba.

Choyambacho chimagwetsa pulogalamu pomwepo, ndiye n'chosavuta kuchigwira. Chachiwiricho n'chobisika. TakePicture imangokuuzani kuti chithunzi chajambulidwa kapena ayi, siikubwezerani adiresi. Ngati Uri inali mu variable ndipo process yafa, chithunzi chilipo m'foni koma pulogalamu sikudziwa kumene chili.

Choyenera: Kubisa za ndalama za anthu pulogalamu ikapita kumbuyo.

Android imajambula sikirini yanu yomaliza kuti iionetse pamndandanda wa zotsegulidwa posachedwa. Foni ikabwerekedwa, kapena ikalandidwa ili yosakhoma, mayina ndi ndalama za gulu lonse zili poyera. FLAG_SECURE imaletsa zimenezi, koma imaletsanso munthu kujambula sikirini, chonsecho asungichuma ambiri amadalira chithunzi chotero potumiza umboni pagulu la WhatsApp. Kuyambira Android 13 pali setRecentsScreenshotEnabled, imene imabisa pamndandanda pokha. Pofuna kufunsanso PIN munthu akabwerera, mverani ProcessLifecycleOwner, imene imaona pulogalamu yonse ngati chinthu chimodzi.

Chosayenera: Kufunsa PIN mu onResume ya sikirini iliyonse, kapena kusiya manambala a mapasipoti mu Logcat.

Choyambacho chimatopetsa munthu mpaka kusankha PIN ya 0000. Chachiwiricho chingakuikeni m'mavuto ndi lamulo la POPIA loteteza zinsinsi za anthu, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julaye 2021. Ma Log amene munaika pophunzira aja muwachotse musanapereke pulogalamu kwa anthu.

Wina anganene kuti iye anayamba ndi Jetpack Compose, imene inakhazikika mu Julaye 2021, ndipo za Fragment sizikumukhudza. N'zoona kuti binding ndi onDestroyView sadzakumana nazo. Koma Compose imakhalabe m'kati mwa Activity, ndipo lmkd safunsa kuti sikirini inalembedwa ndi chiyani. Chosungidwa ndi remember chimatayika foni ikatembenuka. Chofunika kupulumuka chiikidwe mu rememberSaveable kapena mu SavedStateHandle, ndipo StateFlow izitengedwa ndi collectAsStateWithLifecycle. Komanso ntchito yoyamba imene ambiri adzapeze m'makampani a ku Cape Town ndi yosamalira mapulogalamu olembedwa kale, odzaza ma Fragment.

Chosayenera: Kuyesa pa emulator kapena pa foni yanu yabwino yokha, kapena kukhulupirira kuti Don't keep activities yakuonetsani zonse.

Don't keep activities ili mu Developer options, zimene zimatseguka mukadina Build number ka 7. Ndi yothandiza, chifukwa imapha Activity iliyonse ikangobisika. Koma process imaisiya yamoyo, choncho ma object ndi ma static aja amakhalabe ndi zinthu zawo, ndipo vuto lalikulu kwambiri limabisala.

Choyenera: Kuipha nokha pulogalamu pa sikirini iliyonse, musanaipereke.

Tsegulani fomu, dzazani theka, dinani Home. Pa kompyuta lembani adb shell am kill motsatana ndi dzina la package yanu. Musagwiritse ntchito force-stop kapena kuichotsa ndi chala pamndandanda, chifukwa zimenezo zimauza Android kuti munthu wathana nayo, ndipo Bundle imatayidwa. Kenako bwererani kudzera pamndandanda wa zotsegulidwa posachedwa, muone chimene chatsala. Chitani zimenezi pa fomu, pa sikirini ya nambala ya SMS, kamera ili yotsegula, ndiponso pempho lotumiza lili m'njira. Ikani LeakCanary, ya kampani ya Square, mu debug kuti izikuuzani Activity kapena View ikakana kuchoka mu RAM. M'mayeso odziyendera okha, ActivityScenario ili ndi recreate, ndipo FragmentScenario ili ndi moveToState yoyendetsa Fragment pa mlingo uliwonse.

Zonsezi zikadutsa, pemphani msungichuma wa gululo akubwerekeni foni yake madzulo amodzi, mmene ilili, yodzaza zithunzi ndi mauthenga a mawu, masimu awiri ali momo. Ikani pulogalamu, muwapatse adzaze okha fomu inu mutakhala chete, ndipo pakati pake muwaimbire foni.